Sigmund Freud, dokotala amene ankachiza pomvetsera

Anzanga, ife a ku Zomba tili ndi kachizolowezi. Mnzathu akangolankhula zosamveka timati apite ku Mental, basi tonse kuseka. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko muno chili mumzinda wathu womwe uno, koma timachitchula pongonyozana. Lero pa bolodi pano ndakubweretserani mbiri ya munthu amene ankakhulupirira kuti ngakhale mawu osokonekera a munthu wovutika maganizo ali ndi pochokera, ndipo ofunika kuwamvetsera.

Sigmund Freud anabadwa pa 6 May 1856 m'katawuni ka Freiberg, kamene lero kali m'dziko la Czech Republic. Makolo ake anali Ayuda. Bambo ake a Jakob ankagulitsa ubweya wa nkhosa, koma malonda sankayenda, ndiye banja linasamukira ku Vienna, likulu la Austria, mwanayo ali ndi zaka zinayi. Kusukulu ankakhala nambala wani chaka ndi chaka. Mayi ake a Amalia ankamukonda mopitirira, moti ngakhale ana anali ambiri, iye anali ndi chipinda chakechake chowerengeramo. Mlongo wake atayamba kuphunzira piyano, Sigmund anadandaula kuti phokoso likumusokoneza, piyanoyo n'kuchotsedwa m'nyumba. Ife amene timawerenga titatunga madzi ndi kutsuka mbale, zimenezi tingozimva.

Mu 1873 analowa yunivesite ya Vienna, ndipo mu 1881 anakhala dokotala. Koma poyamba mtima wake unali pa kafukufuku. Ali wophunzira anatumbula nsomba za mtundu wa mkunga pafupifupi 400 pofufuza ziwalo zoberekera za zazimuna. Mu 1884 analakwitsa kwambiri potamanda cocaine kuti ndi mankhwala abwino, mpaka kumupatsa mnzake wina wodwala, amene anakodwa nayo.

Zinthu zinatembenuka mu 1885 atapita ku Paris kukaphunzira kwa dokotala wotchuka Jean-Martin Charcot. Kumeneko anaona odwala ouma mkono kapena mwendo, ena okomokakomoka, chonsecho powayeza thupi lili bwinobwino. Kwawo ku Vienna, dokotala mnzake Josef Breuer anali atamufotokozera kale za mtsikana wina, Bertha Pappenheim, amene anadwala chonchi pamene ankadwazika bambo ake. Mtsikanayu akafotokoza zowawa zimene anali ataziiwala, zizindikiro zina za matenda zinkachepa. Awiriwa analemba buku la nkhani zotere mu 1895.

Apa ndi pamene panaphukira ganizo lake lalikulu. Freud ankati maganizo amene timawadziwa ndi ochepa chabe. Pansi pake pali chigawo chobisika m'mene timakankhiramo mantha, manyazi, mkwiyo ndi zilakolako zimene sitifuna kuzivomera, makamaka za paubwana. Zokankhidwazo sizifa. Zimatulukira pena: m'maloto, m'matenda opanda chifukwa chooneka, kapena lilime likapsonona n'kutchula dzina la munthu amene sumafuna kumutchula. Akuluakulu athu amati ukabisa matenda maliro adzaulula. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Freud munthu amadzibisira yekha, osadziwa n'komwe kuti akubisa.

Ndiye ankachiza bwanji? Wodwala ankagona pa sofa, Freud n'kukhala kumutu kwake posaoneka. Lamulo linali limodzi: nena chilichonse chobwera m'mutu, kaya n'chopusa, kaya n'chochititsa manyazi. Ola lonse dokotala kumangomvetsera, kufunafuna pamene wodwala akuzemba kapena kungoti zii. Izi zinkachitika masiku angapo pa sabata, kwa miyezi kapena zaka. Njirayi anaitcha psychoanalysis, ndipo njira zonse zochokera pa muzu umenewu masiku ano amazitcha psychodynamic. Taganizani, nthawi yomweyo kuno ku Zomba, mu 1910, boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala ngati mbali ya ndende, owayang'anira n'kukhala asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chinadzatsegulidwa mu 1953. Komatu tisamukweze kwambiri Freud, chifukwa odwala ake ambiri anali anthu a ndalama ovutika ndi nkhawa, osati amene timawaona akugona m'makhonde a masitolo.

Bambo ake atamwalira mu 1896, anayamba kulemba maloto ake omwe n'kumawasanthula. Buku lake lomasulira maloto linatuluka kumapeto kwa 1899. Anasindikiza mabuku 600 okha, koma panatenga zaka 8 kuti athe. Kwathu kuno munthu ukalota zachilendo umakafunsa agogo kuti kukubwera chiyani. Freud ankayang'ana kumbuyo. Kwa iye loto ndi chokhumba cha mwini wake chimene chavala chinyawu kuti chisazindikirike.

Mu 1923 anagawa maganizo a munthu patatu: id, ego ndi superego. Tiyerekeze amayi akutuma kuchigayo, ndiye patsala chenji. Id ndi uja amati gula mandasi pompano, zinazo tikaona. Superego ndi mawu a makolo ndi a kutchalitchi kapena kumzikiti amene anakhazikika mwa iwe, amene amakuchititsa manyazi usanagule n'komwe. Ego ali pakati, kuyesa kusangalatsa onse awiri, mwina n'kuganiza zokapempha bwinobwino kunyumba. Mkangano ukakula, ego amapeza njira zodzitetezera. Ina mwa izo tonse timaidziwa: bambo akalipiridwa kuntchito, akalipira mwana kunyumba, mwanayo n'kukaponda galu amene sanalakwe kanthu.

Pali ganizo lina limene ine silindikhutiritsa. Freud ankati mwana wamwamuna aliyense ali wamng'ono amafuna mayi ake akhale ake yekha, ndipo amaona bambo ngati wopikisana naye. Analitcha dzina la Oedipus, mfumu ya m'nthano za Agiriki, ndipo ankati n'chimodzimodzi dziko lonse lapansi. Eti dziko lonse? Iye anakulira m'nyumba m'mene bambo ndiye zonse. Nanga kuno kumene bambo ndi mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi amalume? Katswiri wina wa zachikhalidwe, Bronisław Malinowski, anafunsa funso lomweli mu 1927, atakhala pa zilumba za Trobriand kumene mtundu umatsata kuchikazi ngati kwathu. Iye anapeza kuti kumeneko mnyamata amalimbana kwambiri ndi amalume ake, osati bambo.

Freud sankakonda kutsutsidwa. Ophunzira ake awiri otchuka anapatukana naye, Alfred Adler mu 1911 ndi Carl Jung mu 1913. Mpaka lero akatswiri ambiri amati mfundo zake zambiri n'zosatheka kuziyesa mwasayansi, ndipo zimene analemba zokhudza akazi zinali zokondera amuna. Koma ganizo loti zimene mwana wadutsamo zimamutsatira akakula, ndi loti kulankhula kwa munthu womvetsera kumachiza, linakhala.

Ukalamba wake unali wowawa. Mwana wake Sophie anamwalira ndi chimfine choopsa mu 1920. Mu 1923 anamupeza ndi khansa ya m'kamwa, poti ankasuta ndudu zikuluzikulu zokwana 20 patsiku. Anachitidwa opaleshoni koposa ka 30, koma fodya sanasiye. Mu 1933 a chipani cha Nazi anatentha mabuku ake ku Berlin chifukwa anali Myuda. Atalanda Austria mu March 1938, apolisi awo anatenga mwana wake wotsiriza, Anna, n'kukamufunsa mafunso tsiku lonse. Apa ndi pamene mkuluyu anavomera kuthawa, ndipo mu June anafika ku London ali ndi zaka 82.

Anamwalira pa 23 September 1939, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangoyamba kumene. Alongo ake anayi amene anatsala ku Vienna anafera m'misasa ya chipani cha Nazi. Anna anapitiriza ntchito ya bambo ake, koma iye anasankha kumvetsera ana, kuphatikizapo amene nkhondo inawalekanitsa ndi makolo awo. Nyumba yawo ya ku London lero ndi malo osungirako zakale, ndipo sofa ija ikadali momwemo.