Mbiri ya Padre William Percival Johnson, Bwenzi la Aumphawi a ku Nyanja

 Chaka ndi chaka, pa 11 Okutobala, Mpingo wathu umakumbukira mtumiki wa Mulungu William Percival Johnson. Ambiri a ife dzinali tinalimva kwa makolo athu, koma odziwa njira imene anayenda ndi owerengeka. Chifukwa chake tati tilembe mbiri yawo m'kalata ya mwezi uno, kuti odziwa kuwerenga awerengere anzawo m'midzi.

Bambo Johnson anabadwa pa 12 Malichi 1854 pa mudzi wa St Helens, pa chisumbu cha Isle of Wight ku Mangalande. Anaphunzira ku Bedford, napitirira ku sukulu yaikulu ya Oxford, kumene anapalana ubwenzi ndi mnyamata mnzawo Chauncy Maples. Anali munthu wamphamvu, wodziwa kupalasa ngalawa, wanzeru pa maphunziro, ndipo ntchito ya boma ya malipiro ambiri inalikuwadikira ku India. Koma masiku omwewo Bishopu Edward Steere wa ku Zanzibar analikufuna anyamata othandiza pa mishoni ya U.M.C.A., imene inayamba chifukwa cha pempho la Dr. David Livingstone. Anyamata awiriwa anamva kuitanako, nasiya zonse, nafika ku Zanzibar m'chaka cha 1876.

M'zaka zimenezo dziko lathu lino linali pa chisoni chachikulu chifukwa cha malonda a akapolo. Maulendo ena anali kuoloka Shire pa Mponda, ena anali kuoloka nyanja m'zombo kunka kwa Makanjira, ndipo onse anali kulowera ku nyanja yamchere, anthu ali m'magoli, atasenza minyanga. Ena mwa akapolowo anawomboledwa panyanja yamchere, naperekedwa m'manja mwa mishoni ku Zanzibar. M'chaka chomwecho cha 1876 Bishopu Steere ndi Bambo Johnson ananyamuka ndi anthu otere oposa 50, kuti awabwezere kufupi ndi kwawo. Anthuwo atatopa ndi ulendo anaima pa Masasi, namanga mudzi pomwepo. Kotero ntchito yoyamba ya Bambo Johnson inali pakati pa anthu opanda m'bale, opanda munda, opanda kwawo.

M'chaka cha 1880 anakakhala ku Mwembe, mudzi waukulu wa mfumu Mataka, m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi la Mozambique. Mudziwo unali pa njira ya maulendo a akapolo, ndipo odwala ndi ofooka, amene eni ulendo anaona kuti sadzapindula nawo, anali kutayidwa kuti afe okha. Bambo Johnson anatola anthu otere, nawapatsa pogona, natsuka zilonda zawo, nagawana nawo chakudya chimene anali nacho. Anayambanso kuphunzitsa ana. Koma m'chaka cha 1881 ulendo wina wa akapolo wochokera kwa Mataka unagwidwa ndi Angerezi kufupi ndi nyanja yamchere, ndipo anthu a ku Mwembe anaganiza kuti mzungu wokhala pakati pawoyo ndiye anaulula. Anafunkha nyumba yawo iwo ali paulendo, ndipo ntchito ya ku Mwembe inathera pomwepo.

Sanataye mtima. Anabweranso pamodzi ndi wansembe mnzawo Charles Janson, nafika pa nyanja yathu ino m'mwezi wa Febuluwale 1882. Patangopita masiku owerengeka Bambo Janson anamwalira pa Chia, ndipo Bambo Johnson anatsala okha. Zaka ziwiri anayenda pansi ndi pabwato, kuyambira kwa Mponda kufikira kumpoto kwa nyanja, nagona m'nyumba za eni dziko, nadya nsima yawo. Anaona Anyanja akukhala m'malinga, m'mabango ndi pa zisumbu za miyala chifukwa choopa nkhondo za Angoni, minda yawo ili kutali, njala ndi nthenda zili pakhomo.

Pa maulendo amenewa ndi pamene anapeza nzeru imene inatsogolera moyo wawo wonse. Anaona kuti kumanga mudzi umodzi waukulu wa mishoni, ndi kuitanira anthu kumeneko, kumathandiza amphamvu okha amene angathe kuyenda, ndiponso kumachotsa anthu m'manja mwa abale awo ndi mafumu awo. Nkhalamba, mayi wamasiye, wopunduka ndi mwana wodwala amatsala kumudzi osaonedwa. Anatsimikiza mtima kuti Mpingo ndiwo uzipita kwa anthu. Ndipo popeza midzi inali itandandalika m'mbali mwa madzi, njira yake inali sitima.

M'chaka cha 1884 anapita ku Mangalande kukapempha ndalama za sitimayo, ndipo Akhristu a kumeneko anasonkha. Pobwera, atafika ku Quelimane, anagwidwa ndi nthenda yoopsa ya maso, nachita khungu. Anawabwezera kwawo, ndipo madokotala anatha kupulumutsa diso limodzi lokha, nalonso loona mwachizimezime. Munthu wina akadati ntchito yake yatha. Koma m'chaka cha 1886 anabweranso, napeza sitima yotchedwa Charles Janson, imene inalumikizidwa pa Matope m'chaka cha 1885, ili kuyenda kale panyanja, ndipo Bambo Maples anali kumanga mishoni pa Likoma.

Kuyambira pamenepo sitima inakhala nyumba yawo. Inali kuima pa dooko lililonse, kusiya mphunzitsi, mabuku ndi mankhwala, kutenga odwala, ndi kubweranso patapita masabata kudzaona ngati ntchito ili kuyenda. Bambo Johnson sanadzikundikire kanthu. Zovala zawo zinali zakutha, pakuti zabwino anali kupatsa ena, ndipo powerenga anali kuyandikiza buku pafupi ndi diso lawo limodzi lija. Sitibisa kuti anali munthu wa mawu akuthwa, ndi kuti anzawo a ntchito nthawi zina anavutika nawo, pakuti anafuna kuti onse apirire monga anapirira iwo. Koma aumphawi sanawaope.

Ife a kuno kumwera tili ndi chifukwa chathu chowakumbukira. M'chaka cha 1888 anatsika kwa Makanjira pamodzi ndi John Buchanan, amene anali kuimira boma la Angerezi. Anthu a mfumu anawagwira, nawavula zovala pamaso pa khamu, ndipo anamasulidwa pokhapokha a m'sitima atapereka nsalu ndi katundu wina. Chipongwe chimenechi sichinachotse chikondi chawo pa Ayao, amene chinenero chawo anachidziwa bwino. Ndipo maboma a azungu atakhazikika m'mbali mwa nyanja, sanaope kudzudzula akuluakulu a Chipwitikizi pozunza anthu pa msonkho ndi pa ntchito yokakamiza.

Pa 2 Seputembala 1895 bwenzi lawo Chauncy Maples, atangodzozedwa kukhala Bishopu wa Likoma, anamira m'nyanja ngalawa yawo itagubuduzika ndi namondwe. M'chaka cha 1896 Bambo Johnson anaikidwa kukhala Akidikoni wa ku Nyasa, ndipo chaka chomwecho mishoni inatsegulidwa kwa Mponda, ya ku Malindi nitsatira mu 1898. Akhristu a ku Mangalande anasonkhanso ndalama za sitima yaikulu yokumbukira Bishopu Maples. Inapangidwa ku Glasgow, nibwera zidutswazidutswa kudzera pa Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire anthu anasenza zidutswazo pamutu, ndipo amuna mazanamazana anakoka chitsulo chachikulu chophikira madzi. Inalumikizidwa kuno kwathu kwa Mponda, nilowa m'madzi m'chaka cha 1901. M'kati mwake munali tchalitchi, sukulu ya aphunzitsi ndi malo a odwala.

M'chaka cha 1899 kunafika Dr. Robert Howard, amene anakonza ntchito ya zipatala za mishoni ku Likoma, ku Nkhotakota ndi ku Malindi. Chipatala cha St Martin's ku Malindi ndi chipatso cha masiku amenewo. Tiyenera kuzindikira chinthu chimodzi pano. Anthu ambiri a kuno anali atatsata kale Chisilamu, ndipo obatizidwa kwa Mponda ndi ku Malindi anali ochepa poyerekeza ndi a ku Likoma. Koma mankhwala sanaleke, ndipo wodwala sanafunsidwe za chipembedzo chake asanamangidwe chilonda. Chifundo chosinthanitsa ndi ubatizo si chifundo koma malonda.

Bambo Johnson anadziwanso kuti mlendo ndi mame, ndi kuti ntchito idzakhazikika pokhapokha ikakhala m'manja mwa eni dziko. Anagwira ntchito ndi Augustine Ambali, amene anawomboledwa ku ukapolo nakhala wansembe wa ku Msumba, ndi Yohana Abdallah, wansembe wa Chiyao wa ku Unangu. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia kumene Bambo Janson anamwalira, anatumikira kuno ku Lungwena asanapite ku Msoro, kumene anamwalira mu 1913. Kuti aphunzitsi akhale ndi chowerengera anthu, Bambo Johnson anamasulira Malembo Oyera m'Chinyanja cha ku nyanja, ndipo Baibulo lonse linasindikizidwa m'chaka cha 1912. Atakalamba anapita kumpoto, m'dziko limene lero ndi la Tanzania, nayambanso kuphunzira zinenero za kumeneko. Anamwalira pa Liuli pa 11 Okutobala 1928, atatumikira mu Africa zaka 52, naikidwa komweko.

Tsono abale, mbiri iyi itifunsa chiyani? Sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa, ndipo palibenso sitima ya mishoni yoima pa madooko athu. Magoli anatha, koma aumphawi tili nawobe. Tinaona kolera ikulowa m'midzi ya ku Mangochi m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo mu 2024 nyanja inakwera nimiza nyumba ndi minda ya m'mphepete. Tili ndi ana amasiye olera anzawo, ndi agogo osunga zidzukulu alibe wowalimira. Tikakhala pansi kudikira mzungu wina wochokera kutali, ndiye kuti mbiri ya Bambo Johnson sitinaimve, pakuti iwo anavutikira kuti ntchitoyi ikhale yathu.

Tisati tilibe chuma. Pokolola, banja lililonse lipatule lichero la chimanga la osowa a m'mudzi mwawo. Asodzi pobwera kunyanja apatule mbale ya usipa ya mayi wamasiye. Anyamata a mpingo afolere nyumba ya nkhalamba mvula isanagwe, ndipo amene ali ndi njinga kapena bwato atengere wodwala ku chipatala osayamba wafunsa ngati ndi Mkhristu kapena Msilamu. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo asadikire osauka pa khomo la tchalitchi, pakuti wosowa chovala amachita manyazi kubwera. Apite okha kukawaona m'nyumba zawo, monga sitima ija inali kupita pa dooko lililonse. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo chimene tipatsa wosauka m'dzina la Ambuye sichitayika.

Mulungu amene anapatsa mtumiki wake William mtima wopirira atipatse ifenso mtima womwewo, ndipo mtendere wake ukhale ndi inu nonse m'midzi yanu.