Michael Faraday, ajudante amene anatulukira njira yopangira magetsi

Mukayatsa getsi m'nyumba mwanu kuno ku Lichinga, mukudyerera nzeru za mwana wa munthu wosula zitsulo. Dzina lake Michael Faraday. Anabadwa mu 1791 pafupi ndi London, ku England. Kwawo kunali umphawi, ndiye sukulu anangoilawa: kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono, basi.

Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira nchito yosoka mabuku kwa mestre wina, George Riebau. Anakhalako zaka 7. Mabuku amene ankasoka ankawawerenganso. M'buku lina anapeza nkhani ya magetsi, nayamba kuyesa yekha ndi mabotolo akale.

Mu 1812 kasitomala wina anamupatsa matikiti oti akamvere Humphry Davy, katswiri wa sayansi, akuphunzitsa. Apa ndiye mumvetsere bwino. Faraday sanangokhala phee kumamvera. Analemba zonse zimene anamva, anajambula zida zimene anaona, kenako anasoka mapepalawo kukhala buku n'kulitumiza kwa Davy, kupempha nchito. Mu 1813 Davy anamutenga kukhala ajudante wake ku Royal Institution. Digiri analibe. Cinamutsegulira khomo ndi kope lija.

N'cifukwa cake inu amene mukufuna nchito ya magetsi, kaya muyambira kunyamulira mestre makwerero, kaya mukalembetsa ku IFPELAC, musasiye kope kunyumba. Kukula kwa waya, mphamvu ya fyuzi, zonsezi zimalembedwa m'manambala, ndipo kuphonya nambala kungaotche nyumba ya munthu.

Uajudante sunali wokoma. Ankatsuka mabotolo. Pa ulendo wa ku France ndi Italy, mkazi wa Davy ankamutenga ngati wanchito wamba. Iye anapirira, akuphunzirabe.

Mu 1821 anaonetsa kuti magetsi angazungulitse waya kuzungulira maginito. Mota za m'zigayo zinayambira pamenepo. Mu 1831 anatulukira cacikulu: mukayendetsa maginito mkati mwa waya wokulunga, m'wayamo mumayenda magetsi. Ku Cahora Bassa ndi zomwezo. Madzi a Zambezi amazungulitsa makina, maginito n'kumadutsa pafupi ndi mawaya, magetsi n'kutuluka. Ngakhale kajenereta ka pamsika kamagwira nchito conco.

Atachuka, anakana ulemu woti azichedwa Sir. Ankakonda kuphunzitsa ana sayansi nthawi ya Khirisimasi, ndipo maphunziro amenewo akucitikabe ku London mpaka lero. Anamwalira pa 25 Ogasiti 1867, ali ndi zaka 75.