Isaac Newton, Mlimi Wolephera Amene Anafotokoza Kayendedwe ka Zinthu

Isaac Newton anabadwa pa tsiku la Khrisimasi m'chaka cha 1642 ku Woolsthorpe, m'dziko la Mangalande. Bambo ake anamwalira iye asanabadwe. Ali ndi zaka zitatu, mayi ake anakwatiwanso namusiya m'manja mwa agogo ake.

Anaphunzira ku Grantham, koma mu 1659 mayi ake anamusiyitsa sukulu kuti aziyang'anira munda ndi nkhosa. Ulimi unamukanika poti mtima wake unali pa mabuku. Amalume ake pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu, Henry Stokes, anachonderera kuti mnyamatayo abwerere m'kalasi. Pakadapanda anthu awiriwa, nzeru zake zikadathera kubusa. Mu 1661 analowa koleji ya Trinity ku Cambridge.

Mliri utatseketsa yunivesite mu 1665, Newton anabwerera kumudzi kumene anasinkhasinkha za masamu, kuwala ndi mphamvu yokokera zinthu pansi. Mu 1687 anatulutsa buku lotchedwa Principia, ndipo mnzake Edmond Halley ndiye analipira ndalama zosindikizira. M'bukumo muli malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu amene timaphunzira mu sayansi.

Malamulowa amaoneka bwino pa mpikisano wosambira. Wosambira akafika kumapeto kwa dziwe amadzipinda ngati bongololo kuti atembenuke msanga, kenaka amakankha khoma ndi mapazi. Lamulo lachitatu limaphunzitsa kuti khomalo nalo limamukankha ndi mphamvu yofanana, ndiye amachoka ndi liwiro loposa la kusambira kwenikweni. Lamulo loyamba limati chinthu choyenda sichiima pachokha popanda chochiletsa. Apa chomuletsa ndi madzi. Newton anawerengeranso zimenezi: liwiro likawirikiza kawiri, kukaniza kwa madzi kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake wosambira amawongola thupi ngati muvi, mutu uli pakati pa mikono. Ndi chifukwa chomwecho kuti akatswiri amatsiriza msanga mtunda womwewo m'dziwe la mamita 25 kusiyana ndi la mamita 50, popeza amakankha khoma kambirimbiri.

Newton sanakwatire. Mu 1703 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la asayansi la Royal Society, ndipo mu 1705 Mfumukazi Anne inamupatsa ulemu wotchedwa Sir. Anamwalira mu 1727 ali ndi zaka 84, naikidwa ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu.