Godfrey Chitalu: Ngwazi Yocokera ku Matimu Ang'ono

M'masiku amene wailesi inali imodzi m'mudzi wonse, mwini wace anali kusunga bwino mabatire kuti adzagwire nchito pa tsiku la mpira. Kuyambira ku Chipata kufikira kwa Chikomeni ku Lundazi, anthu anali kuizinga wailesiyo kuti amve a Dennis Liwewe akuulutsa masewera, ndipo dzina limene linali kuchulidwa kawirikawiri linali la Ucar. Ucar linali dzina la mabatire osatha msanga mphamvu a kampani ya Union Carbide, ndipo okonda mpira analipereka kwa munthu amene sanali kutopa m'bwalo, malemu a Godfrey Chitalu.

A Chitalu anabadwa pa 22 October 1947 ku Luanshya, m'komboni ya Mikomfwa. Mpira anauyambira pansi penipeni. Ali ndi zaka 10 analowa m'katimu ka anyamata ka Fisansa Youth Club, ndipo atasamukira ku Kitwe anasewera m'timu ya Kwacha I, imene inali ya m'komboni cabe. Matimu otere sacedwa kuiwalika. Alibe ndalama, alibe bwalo la mpanda, ndipo manyuzipepala sawalemba. Koma ndiwo amene amayamba kuona kuti mwana uyu phazi lace ndi lina. Akuluakulu a Kitwe United anakamupeza mnyamatayo ku Kwacha komweko, namutenga asanakwanitse zaka 20.

Pa unyamata wao a Chitalu anali a mtima wapacala. Oyimba mluzu anawaturutsa m'bwalo kangapo, ndipo tsiku lina woyimba mluzu atawafunsa dzina kuti alilembe, iwo anachula la Denis Law, katswiri wa ku Scotland. Anawapitikitsa nthawi yomweyo. Komabe zigoli zinawalankhulira. M'caka ca 1968 anayamba kusewerera dziko la Zambia, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'dziko. Ulemu umenewu anaulandiranso mu 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Mu 1970 anathandiza Kitwe United kutenga cikho ca Chibuku, pogonjetsa Kabwe Warriors, timu ya anthu a njanji. A ku Kabwe anaona kuti mkango wotere ndi bwino ukhale m'khola mwao, ndipo mu 1971 anawagula.

Caka ca 1972 ndico cimene akuluakulu amacikumbuka. Warriors inasesa zikho zonse za m'dziko muno, ndipo a Chitalu anamwetsa zigoli 107 m'nyengo imodzi yokha. Pa masewera ena a cikho ca Africa, Warriors inakwapula Majantja ya ku Lesotho zigoli 9 kwa duu, ndipo 7 mwa izo zinacokera kwa iwo okha. Mu 1974 anali m'gulu limene linafika kumasewera otsiriza a cikho ca maiko a mu Africa ku Cairo, kumene Zaire inapambana pa ulendo waciwiri, atalepherana poyamba. Mu 1980 anasewera pa masewera a Olympic ku Moscow. Zigoli zimene anamwetsera Zambia ndi 79, ndipo palibe wina amene wafikapo pamenepo.

Koma mbiri ya munthu ameneyu ili ndi cigawo cina cimene ambiri amacilumpha. Timu yaikulu nayonso imagwa. Kumapeto kwa caka ca 1990, Kabwe Warriors, imene inali itatenga ligi mu 1987, inatsitsidwa kupita m'gawo lapansi. Amene anaonapo timu ya kwao ikutsika adziwa zimene zimatsatira: oonerera amacepa, ndalama za pacipata zimauma, osewera abwino amayamba kuyang'ana kwina, ndipo otsalawo amayenda maulendo atali kukasewera pa mabwalo a pfumbi. Matimu ambiri akagwera m'dzenje limeneli amakalambira momwemo. Kitwe United yeniyeniyo, imene inawachukitsa a Chitalu, inakhalamo zaka zambiri pambuyo pace.

Pa nthawi yobvuta imeneyi ndi pamene Warriors inapereka udindo wa mphunzitsi kwa a Chitalu. Munthu wa dzina ngati lao akanatha kukana, poopa kudetsa mbiri yace ndi timu yakugwa. Iwo anabvomera. Mabwalo a pfumbiwo sanali acilendo kwa mwana wa Fisansa ndi Kwacha. M'caka cimodzi cokha, ca 1991, anaibwezera timuyo m'ligi yaikulu, ndipo anasankhidwa kukhala mphunzitsi woposa onse wa cakaco. Pa zonse zimene anacita, nchito imeneyi iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zigoli 107 zija, pakuti kumwetsa cigoli kumafuna phazi la munthu mmodzi, pamene kudzutsa timu yakugwa kumafuna kubweza mitima ya anthu ambiri otaya mtima.

Zambia itagonja kwa Madagascar mu December 1992, a Chitalu anapatsidwa timu ya dziko m'malo mwa a Samuel Ndhlovu, ndipo wothandizana nao anali a Alex Chola. Anakhala pa udindowu miyezi yowerengeka cabe. Usiku wa pa 27 April 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, imene inanyamula timuyo kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera mpira. A Chitalu anali ndi zaka 45. Anaikidwa pamodzi ndi anyamata ao pafupi ndi bwalo la Independence mu Lusaka.

Mu 2012, pamene Lionel Messi anamwetsa zigoli 91 m'caka cimodzi, dziko lonse lapansi linati wapyola zigoli 85 za Gerd Müller wa ku Germany. Anthu a m'Zambia anakumbutsa za zigoli za a Chitalu za mu 1972, koma bungwe la FIFA linati silisunga mawerengero a maligi a m'maiko, cotero silinatsimikize kanthu. Caka comweco bwalo la Railway ku Kabwe, limene Warriors imasewererapo, linapatsidwa dzina la Godfrey Chitalu.