Élie Metchnikoff (1845–1916): Katswiri wa Chitetezo cha M'thupi ndi Ulendo wa Zolemba Zake

Pakati pa akatswiri a sayansi pali mwambo umene tiyenera kuudziwa tisanayambe mbiri iyi. Munthu akamaliza kafukufuku amalemba zimene wapeza m'magazini owerengedwa ndi akatswiri anzake, ndipo polembapo amatchula mayina ndi zolemba za anthu amene anayamba kulima munda umenewo iye asanafike. Masiku ano pali njira zowerengera kuti nkhani ya katswiri wakuti yatchulidwa kangati, ndipo chiwerengerocho chimayang'anidwa popereka maudindo m'mayunivesite ngakhalenso ndalama za kafukufuku. Moyo wa Élie Metchnikoff ukutionetsa zimene muyeso woterewu umatiuza ndi zimene umaphonya, pakuti zolemba zake zinayamba kutchulidwa kwambiri ndi omutsutsa, kenaka zinakankhidwira pambali kwa zaka zambiri zisanabwerere pamalo aulemu pamene zili lero.

Ubwana ndi maphunziro

Metchnikoff, amene kwawo ankatchedwa Ilya Ilyich Mechnikov, anabadwa mu 1845 m'mudzi wa Ivanovka kufupi ndi mzinda wa Kharkov, m'dziko limene lero ndi Ukraine koma nthawi imeneyo linali pansi pa ufumu wa Russia. Anali mnyamata wa mutu wogwira msanga, moti maphunziro a zaka zinayi pa yunivesite ya Kharkov anawamaliza m'zaka ziwiri zokha. Iye sanaphunzire udokotala. Mtima wake unali pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi ndi m'nthaka, makamaka mmene timakulira kuchokera m'mazira. Atapita kukawonjezera maphunziro ku Germany, mu 1865 anaona ku Giessen kuti nyongolotsi ina yaphwatalala ili ndi maselo amene amameza chakudya n'kuchigaya m'kati mwawo. Pa nthawiyo palibe amene anaganiza kuti zimenezi zingakhudze matenda a anthu.

Mu 1870 anakhala pulofesa pa yunivesite ya Odessa. Zaka zimenezo zinali zowawa kwa iye. Maso ake ankamuvuta, ndipo mkazi wake woyamba, Ludmila, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1873 pa chilumba cha Madeira, kumene anapita naye kukafuna mpweya wabwino. Mu 1875 anakwatira Olga, amene anakhala naye mpaka imfa ndipo pambuyo pake analemba buku la mbiri yake. Mfumu Alexander II itaphedwa mu 1881, boma linayamba kupanikiza mayunivesite, ndipo chaka chotsatira Metchnikoff anatula pansi udindo n'kusamukira ku Messina, pa chilumba cha Sicily ku Italy.

Minga ya ku Messina

Ku Messina anasandutsa chipinda cha m'nyumba yake kukhala malo a kafukufuku. Ankapenda tiana ta kanyama ka m'nyanja yamchere kooneka ngati nyenyezi. Tiana timeneti timaonekera m'kati ngati galasi, choncho munthu angathe kuona pa maikulosikopu zonse zochitika m'thupi mwake tili moyo. M'menemo munali maselo oyendayenda, ndipo Metchnikoff anaganiza kuti mwina ntchito yawo si kugaya chakudya kokha, komanso kulimbana ndi chilichonse chachilendo cholowa m'thupi. Pofuna kuyesa ganizo limeneli anathyola minga ya duwa la rozi m'dimba, nailasa pansi pa khungu la tianato. M'mawa mwake anapeza maselo aja ataunjikana mozungulira minga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zaka 17 zinali zitadutsa chionereni nyongolotsi ya ku Giessen.

Tanthauzo la zimenezi linali lalikulu. Tonse timadziwa kuti minga ikathyokera m'phazi, malowo amatupa, amatentha ndipo amachita mafinya. Madokotala ambiri a nthawiyo ankaona kutupako ngati mbali ya matenda, ndipo akapeza tizilombo m'kati mwa maselo oyera a m'magazi ankati maselowo ndiwo akunyamula tizilomboto n'kutifalitsa. Metchnikoff anatembenuza nkhaniyo. Ananena kuti maselo oyera amathamangira pabala kukameza ndi kupha tizilombo, ndipo kutupa ndi chizindikiro chakuti thupi likudziteteza. Mothandizidwa ndi Carl Claus, katswiri wa ku Vienna, anapatsa maselowo dzina lakuti phagocyte, lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kudya ndi selo.

Zolemba ndi mkangano

Nkhani yake yoyamba pa mutuwu inasindikizidwa ku Vienna mu 1883. Mu 1884 anatulutsa ina m'magazini ya Rudolf Virchow, yofotokoza za kanyama ka m'madzi kotchedwa Daphnia, kakang'ono ngati utitiri. Kanyamaka kakameza timbewu ta fangasi tosongoka ngati singano, timbewuto timaboola matumbo ake. Metchnikoff anasonyeza kuti maselo akatizinga n'kutigaya kanyamako kamapulumuka, koma akalephera kamafa. Apa anali ataona matenda enieni, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, m'thupi lamoyo.

Akatswiri ambiri a ku Germany sanakondwere kuti wophunzira za tinyama aziphunzitsa madokotala za matenda. Paul Baumgarten anamutsutsa kolimba, ndipo Robert Koch anamulandira mozizira pamene anakamuona ku Berlin. Louis Pasteur ndiye anamutsegulira khomo, ndipo kuyambira 1888 Metchnikoff anagwira ntchito ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris kwa zaka 28. Mkangano unakula mu 1890 pamene Emil von Behring ndi Shibasaburo Kitasato anasonyeza kuti madzi a m'magazi a nyama yotetezedwa ku kafumbata, opanda selo ndi limodzi lomwe, amatha kuteteza nyama inanso. Akatswiri anagawikana pawiri: ena ankati chitetezo chili m'madzi a m'magazi, ena ankati chili m'maselo.

Tikamayang'ana zolemba za Metchnikoff za zaka zimenezi timaona kuti zambiri zinali mayankho. Wina akatulutsa umboni womutsutsa, iye ankabwerera ku maikulosikopu, n'kubwereza kafukufukuyo, n'kulemba zimene wapeza. Ankalemba m'Chirasha, m'Chijeremani ndi m'Chifalansa. Maphunziro amene anapereka ku Paris okhudza kutupa anatuluka ngati buku mu 1892, ndipo mu 1901 anasindikiza buku lake lalikulu lonena za chitetezo cha m'thupi pa matenda opatsirana, mmene anasonkhanitsa umboni wa zaka pafupifupi 20. Iye ndiyenso anasiyanitsa maselo omeza aakulu, amene anawatcha macrophage, ndi aang'ono. Dzina lake linkatchulidwa kawirikawiri m'magazini a sayansi, koma ena mwa olitchulawo ankafuna kusonyeza kuti walakwa.

Chipinda chake cha kafukufuku chinkakoka achinyamata a m'mayiko ambiri. Mmodzi mwa iwo, Jules Bordet wa ku Belgium, anafika mu 1894 ndipo anapeza mmene madzi a m'magazi amaswera tizilombo, zomwe zinkalimbikitsa mbali ya omutsutsa mphunzitsi wakeyo. Ntchitoyo inachitikira m'chipinda cha Metchnikoff momwemo, ndipo Bordet anadzalandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1919. Mu 1903 Almroth Wright ndi Stewart Douglas ku London anasonyeza kuti zinthu za m'madzi a m'magazi zimakuta tizilombo kuti maselo atimeze mosavuta. Mutu umodzi susenza denga: mbali ziwiri zija zinali kugwira ntchito imodzi. Mu 1908 mphoto ya Nobel inagawidwa pakati pa Metchnikoff ndi Paul Ehrlich, mtsogoleri wa mbali inayo.

Zaka zotsiriza ndi zimene zinatsatira

Atakula anafufuza za chindoko pamodzi ndi Émile Roux, komanso za ukalamba ndi tizilombo ta m'matumbo. Ankakhulupirira kuti kumwa chambiko kungatalikitse moyo, ndipo ganizo limeneli linamutchukitsa m'manyuzipepala kuposa ntchito yake ya ku Messina, ngakhale umboni wake unali wochepa. Anamwalira ndi matenda a mtima ku Paris mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati. Phulusa la thupi lake likusungidwa m'laibulale ya Institut Pasteur.

Atamwalira, akatswiri a chitetezo cha m'thupi anatembenukira kwambiri ku zinthu za m'madzi a m'magazi, chifukwa zinali zosavuta kuyeza ndiponso zinkapereka mankhwala. Kwa zaka makumi angapo maselo omeza sankaoneka ngati nkhani yaikulu. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1960, pamene kafukufuku wa macrophage anayambiranso mwamphamvu. Mu 1973 Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn ku New York anapeza mtundu wina wa maselo amene amadzutsa mbali zina za chitetezo. Mu 2011 mphoto ya Nobel inapita kwa Steinman, Bruce Beutler ndi Jules Hoffmann, ndipo awiri otsirizawa anailandira chifukwa chofotokoza mmene chitetezo chobadwa nacho chimazindikirira tizilombo, womwe ndi munda umene Metchnikoff anaswa mphanje.

Kaundula woyamba wamkulu wowerengera kutchulidwa kwa zolemba za sayansi, Science Citation Index, anayamba kutuluka mu 1964 motsogozedwa ndi Eugene Garfield, patatha zaka 48 Metchnikoff atamwalira. Kaundula wotere amawerenga kuti dzina latchulidwa kangati, koma sasiyanitsa wovomereza ndi wotsutsa. Komanso chidziwitso chikakhazikika, anthu amaleka kutchula mwini wake, monga mmene otunga madzi pachitsime chakale satchulira amene anachikumba. Dokotala wolemba lero za macrophage m'mapapu a wodwala chifuwa chachikulu sawona chifukwa chotchulira nkhani ya 1883, komabe mawu amene akulembawo ndi funso limene akufunsalo anazilandira kwa Metchnikoff. Choncho tikamaphunzitsa ana za maselo oyera a m'magazi ndi chifukwa chimene bala limachitira mafinya, tikupitiriza ntchito ya munthu ameneyu, ndipo ndi bwino kuti anawo amve dzina lake.