MBIRI YA MBUSA ISAAC WAUCHOPE (1852–1917)

Monga mwa cizolowezi ca Bungwe lathu, pa mapeto a lipoti la caka timaikapo mbiri ya munthu mmodzi wa kale, kuti mamembala akatha kuwerenga za ndalama ndi za misonkhano apezenso cakudya ca mtima. Caka cino Komiti yandipatsa ine nchito imeneyi, ndipo ndasankha munthu amene sanali mbadwa ya dziko lino, koma amene anauyamba ulendo wodzatumikira makolo athu, nabwerera kwao ndi manyazi. Ambiri a ife tinamva za William Koyi, amene anagwira nchito pakati pa Angoni a M'mbelwa. Koma ndi owerengeka okha amene anamva za mnzace wa pa ulendo, Isaac Williams Wauchope. Mbiri yace ndi ya munthu amene anagwa kawiri pamaso pa anthu, nadzuka kawiri konse.

Wauchope anabadwa m'caka ca 1852 pa Doornhoek, pafupi ndi mzinda wa Uitenhage, kum'mawa kwa dziko la Cape ku South Africa. Anali wa mtundu wa Axhosa, ndipo anaphunzira pa sukulu yochuka ya Lovedale, imene mkulu wace anali Dr James Stewart. M'caka ca 1875 amishoni a ku Scotland anakhazika Mishoni ya Livingstonia pa Cape Maclear, m'mbali mwa nyanja yathu. Caka cotsatira Dr Stewart anafunsa anyamata a pa Lovedale ngati analipo ena ofuna kukathandiza kumeneko. Mwa iwo amene anadzipereka anasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope, amene pa nthawiyo anali wa zaka 24.

Ulendo wa masiku amenewo unali woopsa. Unadzera pa nyanja ya mcere kufika ku Quelimane, ndipo kucokera kumeneko unatsata mitsinje ya Zambezi ndi Shire, m'madambo odzala ndi udzudzu. Wauchope anagwidwa ndi malungo akulu, amene anamsokoneza ngakhale maganizo, kotero kuti patapita miyezi yowerengeka Dr Stewart anambweza kwao asanagwire nchito imene anadzera. Anzace atatu anatsala. Mngunana anamwalira pa Cape Maclear m'caka ca 1877. Ntintili anatumikira zaka zingapo nabwerera kwao ndi ulemu. Koyi anafera pa Njuyu m'caka ca 1886, ndipo dzina lace likumbukika kufikira lero. Wauchope yekha ndiye anabwerera cimanjamanja.

Aliyense amene anatumidwapo ndi mudzi kapena ndi mpingo, anthu namperekeza ndi mapemphero, adziwa kulemera kwa kubwerera kotere. Nthenda ya m'thupi anthu amaimvera cisoni, koma nthenda yokhudza mutu amainong'ona kuseri, ndipo mwini wace amaona ngati maso onse ali pa iye. Anyamata ambiri akagwa motero amalowa m'mowa, kapena amathawira kutali kumene sadziwika. Wauchope anakhala pakati pa anthu a kwao omwe aja anadziwa za kulephera kwace, nayamba nchito ya uphunzitsi pa Uitenhage. Mmodzi wa ana amene anawaphunzitsa anali Charlotte Manye, amene pambuyo pace anachuka ndi dzina la Charlotte Maxeke, mtsogoleri wamkulu wa amai akuda a ku South Africa.

Atacoka pa uphunzitsi anakhala kalaliki ndi womasulira pa bwalo la milandu ku Port Elizabeth, mzinda umene lero uchedwa Gqeberha. Kumeneko anaona ndi maso ace m'mene malamulo a Azungu analikupsinjira anthu a mtundu wace, ndipo anayamba kulemba m'nyuzipepala ya Isigidimi samaXhosa. Axhosa anali atagonja kumene pa nkhondo yao yotsiriza ndi Azungu, ya mu 1877 ndi 1878, ndipo ambiri anali otaya mtima. M'caka ca 1882 iye analemba ndakatulo, pa dzina lobisika la Citashe, yolangiza anthu kuti nkhondo yotsala aimenye ndi colembera ndi pepala. M'caka comweco anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la Imbumba Yamanyama, limene dzina lace litanthauza cinthu coumbika pamodzi cosatheka kugawanika. Colinga cace cinali kugwirizanitsa anthu akuda a mipingo yosiyana, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Limeneli ndi limodzi la mabungwe oyamba a anthu akuda kumwera kwa Afrika, ndipo linatsogolera ndi zaka 30 bungwe la North Nyasa Native Association, limene Levi Mumba ndi anzace analiyamba kuno m'caka ca 1912. Motero ife a mabungwe otere tiri ndi cifukwa comuyesa kholo lathu pa nchito.

Wauchope anabwereranso ku Lovedale kukaphunzira za ubusa, ndipo m'caka ca 1892 anadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa Congregational ku Fort Beaufort. Analimbana ndi kuledzera, analemba za miyambo ndi miyambi ya Axhosa, ndipo anali mmodzi wa akulu amene anacilimika kuti anthu akuda akhale ndi sukulu yao ya ukacenjede. Sukuluyo inatsegulidwa pa Fort Hare m'caka ca 1916, ndipo pambuyo pace ana a dziko lino, monga Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, anakaphunzira kumeneko. Munthu uja analephera kutifikira ndi mapazi ace anatifikira ndi nchito ya manja ace.

Koma asanaone cipatso cimeneci, anagwa kaciwiri, ndipo kugwa kumeneku kunaposa koyamba. Anaimbidwa mlandu wakuti anapeka kalata yogawira cuma ca masiye ca mmodzi wa akristu ace. M'caka ca 1910 bwalo linampeza wolakwa, nilimlamula kukhala m'ndende zaka zitatu ndi nchito ya kalabvula gaga. Anamtumiza ku ndende ya Tokai, pafupi ndi Cape Town. Taganizani, abale: mbusa wa zaka 58, amene kale anali womasulira pa bwalo la milandu, tsopano waimirira m'malo a opalamula, munthu amene anadzudzula ena pa guwa wabvala zobvala za akaidi. Ulemu umene anaumanga zaka zoposa 30 unagwa tsiku limodzi.

Ngakhale m'ndendemo sanaleke kulemba. Zolemba zace zinaturuka kunja nizisindikizidwa m'nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu, ya John Tengo Jabavu, ndipo akatswiri aziyesa zoyamba kulembedwa m'ndende m'cinenero ca Cixhosa. Munthu wa manyazi amafuna kuti anthu amuiwale. Iye analola kuti mau ace amveke kucokera m'malo a citonzo cace.

Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka, Boma la South Africa linayamba m'caka ca 1916 kulemba anthu akuda m'gulu la South African Native Labour Contingent, kuti akagwire nchito ku France, monga kutsitsa katundu m'zombo, kudula mitengo ndi kukonza miseu. Sanaloledwe kunyamula mfuti. Wauchope, nkhalamba ya zaka 64, analembetsa. Pa 16 January 1917 anacoka ku Cape Town m'combo ca Mendi pamodzi ndi amuna oposa 800. Mbanda kuca wa pa 21 February, ali pa nyanja ya pakati pa England ndi France, pafupi ndi cisumbu ca Isle of Wight, kunagwa nkhungu yaikulu. Combo cina ca Darro, cacikulu pafupifupi katatu, cimene cinalikuthamanga kwambiri, cinagunda Mendi m'nthiti. Pasanathe theka la ora Mendi inamira m'madzi ozizira koopsa. Anafa anthu 646, ndipo 607 mwa iwo anali anthu akuda a gululo. Darro sinatsitse mabwato kukapulumutsa omira, ndipo bwalo lofufuza linalanda mkulu wace, Henry Stump, cilolezo coyendetsa combo kwa caka cimodzi cokha.

Mbiri ya pakamwa, imene yasungidwa pakati pa anthu a kwao mibadwo yonseyi, inena kuti combo cirikumira Wauchope anaimirira natontholetsa anzace. Sanawanyenge ndi ciyembekezo cabodza. Anawauza poyera kuti imfa yafika, nawapempha kuti aikumane ali ciriri monga abale, osayang'ana kuti uyu ndi Mxhosa, uyo Mzulu, uyo Mswazi kapena Msotho. Iye yemwe anamira nao pamodzi. Maina a omirawo analembedwa pa mwala wa cikumbutso wa Hollybrook ku Southampton. Boma la nthawi imeneyo linamana mendulo za nkhondo anthu akuda a South Africa a gululo, koma m'caka ca 2003 Boma latsopano linacha nyota yace ya kulimba mtima dzina la Mendi, ndipo m'caka ca 2008 zolemba za Wauchope zinasonkhanitsidwa m'buku limodzi.

Ine ndiyesa kuti kulimba mtima kwa tsiku lotsiriza lija kunaphunziridwa kale, pa kubwerera kwa mu 1876 ndi m'ndende ya Tokai. Munthu amene anaimapo wopanda ulemu pamaso pa anthu, osathawa, wadziwa kuti zoopsa zimatheka kuziyang'ana m'maso, ndipo akhoza kuuza anzace zoona pa nthawi imene ena angokuwa.

Phunziro lace kwa ife liri pawiri. Loyamba ndi la iye amene wagwa: membala amene waleka kubwera ku misonkhano cifukwa nchito yamthera, kapena ali ndi ngongole, kapena anadwala nthenda imene anthu amainong'ona, abwere adzakhale pa mpando wace. Laciwiri ndi la ife otsala. Colakwa ciweruzidwe monga mwa malamulo, makamaka pa cuma ca anthu, pakuti Bungwe losasamala ndalama silikhalitsa. Koma cilango cikatha, tisamtsekere munthu pakhomo moyo wace wonse. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Anthu a ku Cape akadamtaya Wauchope m'caka ca 1877, Imbumba Yamanyama ikadasowa mmodzi wa omanga ace. Ndipo amuna a m'combo ca Mendi anamvera mau a munthu amene anali ataturuka m'ndende zaka zowerengeka zapitazo.