Sir Basil Schonland, Katswiri Amene Anajambula Mphezi

Ife a kuno ku Thyolo mphezi timaidziwa bwino. Mvula ikayamba, anthu othyola tiyi amakhala pamtetete, ndipo kukang'anima aliyense mtima umakhala m'mwamba. M'kalata ino tiyeni tikumbuke katswiri wa fizikisi wobadwira mu Africa muno amene anafufuza mphezi pamodzi ndi cheza chochokera kuthambo.

A Basil Schonland anabadwira ku Grahamstown, m'dziko la South Africa, pa 2 Febuluwale 1896. Anaphunzira pa Rhodes University College, kenaka ku Cambridge. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawadukiza maphunziro, nakagwira ntchito ya mauthenga a asilikali ku France. Nkhondo itatha anakachita kafukufuku ku Cavendish Laboratory, kumene mkulu wake anali a Ernest Rutherford. M'chaka cha 1922 anabwerera kwawo kukaphunzitsa pa yunivesite ya Cape Town.

Nthawi imeneyo akatswiri anali kalikiliki ndi nkhani ya cheza chotchedwa cosmic rays. Mu 1912 a Victor Hess a ku Austria anakwera m'chibaluni kupitirira makilomita 5, napeza kuti chezacho chimakula munthu akamakwera. Izi zinasonyeza kuti sichichokera m'nthaka koma kuthambo. Pambuyo pake a C.T.R. Wilson anaganiza kuti magetsi a m'mitambo ya mabingu nawonso angathe kuthamangitsa ma electron mpaka kutulutsa cheza champhamvu chotere.

A Schonland anaona kuti dziko lawo, lomwe mabingu sasowa, ndiye malo oyesera ganizoli. Mu 1930 analengeza zimene anapeza atayeza kunsi kwa mitambo, ndipo sizinali zomwe a Wilson ankayembekezera. Sanataye mtima. Mu 1933, pamodzi ndi a Viljoen, anaona kuti chipangizo chawo chinkawerenga cheza panthawi imene mphezi inkang'anima kutali. Umboni wogwira mtima unadza patapita zaka zambiri, mu 1994, pamene setilaiti ya Compton inaona cheza cha gamma chikutuluka m'mitambo ya mabingu.

Ntchito imene inawatchukitsa kwambiri anaichita ku Johannesburg, mothandizana ndi a Collens ndi a Malan. Pogwiritsa ntchito kamera ya magalasi ozungulira, anasonyeza kuti mphezi siitsika kamodzinkamodzi. Poyamba kanjira kosawala kwenikweni kamatsika modumphadumpha, pafupifupi mamita 50 ulendo uliwonse. Kakayandikira pansi kamakumana ndi magetsi okwera kuchokera pa chinthu chachitali, ndipo kung'anima kwakukulu kumene timaona kumathamanga kuchoka pansi kupita kumwamba. N'chifukwa chake kuusa mvula pansi pa mtengo womwe waima wokha m'munda n'kuika moyo pachiswe. Malo abwino ndi m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka.

Pankhondo yachiwiri a Schonland anatsogolera gulu limene linapanga radar ya South Africa mu 1939, ndipo mu 1944 anali mlangizi wa sayansi wa General Montgomery. Mu 1945 anakhala pulezidenti woyamba wa bungwe la kafukufuku la CSIR. Kuyambira 1958 anatsogolera malo ofufuza za mphamvu ya atomu ku Harwell, ku Mangalande, ndipo mu 1960 analandira ulemu wa Sir. Anamwalira ku Winchester pa 24 Novembala 1972.

Anzanga, ambiri a ife tinakula tikumva kuti mphezi imachita kutumizidwa ndi munthu, ndipo maganizo otere adanitsa abale m'midzi yathu. Malemuwa anasankha kuyeza ndi kuwerengera, ngakhale pamene zotsatira zinatsutsana ndi ganizo la katswiri amene ankamulemekeza. Pamene tikusonkha za chitukuko cha sukulu yathu, tisaiwale chipinda cha sayansi, kuti ang'ono athu aziona ndi maso zimene ife tinkangoloweza pamtima.